Mafuta Amene Unathira Iwe

Rosettenville, Joni
3 Malichi 2024

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mlongo wanga Brave. Ine kuno ndili bwino, kungoti miyendo imatupa ndi masitepe a nyumba ya madamu. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni timangokuwizana, inu "ukuti chiyani?" ine "ndati muli bwanji?" mpaka mayunitsi kutha tisanapatsane ndi moni womwe. A Bizwick, amene amayendetsa lole yonyamula magalimoto, avomera kumatinyamulira makalata akamadutsa kwathuko.

Kalatayi sikubwera yokha. Ikubwera ndi galimoto. Mabwana anga agula yatsopano, ndiye yakaleyi andisiyira pa mtengo wachibale. Inu mwayendetsa thalakitala ya pa esiteti mpaka makutu kutha, kututa masamba a tiyi a eni ake, koma simunagwirepo chiwongolero chanuchanu. Iyi ndi yanu, Ababa.

Chinthu chimodzi chokha. Galimotoyi ili ndi tabo, kachipangizo kopopera mphepo mu injini kuti izikoka mwamphamvu. Kuno pa filingi pali petulo wa mitundu iwiri, 93 wamba ndi 95 wapamwamba. Abwana akuti iyi imamwa 95, ndipo mukatsegula kachitseko ka thanki muipeza nambalayo. Ndathira theka la thanki, a lole anakana kuti ndidzaze. Ndinapempha wogulitsa mafutayo kuti andigwiritse paipi ndithire ndekha, msuweni wanga Madalo n'kundijambula. Chithunzicho ndi chimenecho. Musaseke kunenepako, ndi buledi wa kuno.

Za kubwera, mukudziwa kale mmene mapepala anga alili. Masiku anga anatha kalekale. Ndikangotuluka, pa boda andidinda, ndipo sindingalowenso kuno kwa zaka zisanu. N'chimene chinandiletsa pa maliro a Amayi, n'chimene chikundiletsa lero. Tiyeni tipirire pang'ono.

Mundilembere mmene yafikira.

Ine mwana wanu,
Millie


Kwa Nakoma, Nkando
24 Malichi 2024

Mwana wanga Millie,

Moseliwa, moni wa kwathu uja. Ife kuno tili moyo, bondo lokha ndi limene likundiuza zaka zanga.

Galimoto yafika. A Bizwick anaitsitsa pa lole ku Limbe n'kuiyendetsa mpaka pabwalo pano. Mudzi wonse unakhuthukira kwathu. Amayi a mvano analulutira, ana ankadziyang'anira nkhope pa zitseko, ndipo a Lenard, mnzanga uja amene sayamika kanthu, anaizungulira kawiri n'kunena kuti matayala ake ndi aang'ono. Ndinadziwa kuti yawapweteka. Ine ndinavala jekete ija ya pa ukwati wa azakhali ako. Zikomo, mwana wanga. Mawu ena andikanika.

Brave waimangira chisakasa cha nsungwi pansi pa mpeyala. Lolemba ndinapalasa njinga mpaka pa filingi ya pa Nkando kukafunsa 95 wakoyo. Mtsikana wogulitsa anaseka mpaka kugwira pampu. Akuti, "Agogo, kuno petulo ndi petulo, dizilo ndi dizilo, manambalawo ndi a lotale." Ku Chitakale anandiuza zomwezo, kungoti kumeneko sanaseke.

Ndiye galimoto yaima. Sindingaimwetse chinthu chimene mwini wake sanandiuze. Lamulungu lililonse ndikachoka ku tchalitchi ndimailiza pang'ono kuti batire isafe. Kulira kwake sindikumva, koma ndikaika dzanja pa boneti ndimamva ikupuma.

Chithunzi ndachiona. Kunenepa si nkhani. Chimene chandiimitsa ndi pamphumi apo, wayamba kufanana ndi mayi ako mmene analili pobadwa Brave. Ndachiika m'galimoto momwemo, pafupi ndi geji.

Kamuvi ka mafuta kali pansi pang'ono pa theka.

Bambo ako,
Moffat


Kwa Nakoma
12 Meyi 2024

Achemwali,

Moni wa masiku. Ine ndili bwino, koma mutu wokha ukuwawa, ndipo ukuwawa chifukwa cha galimoto yanu.

Chifikireni sinatulukepo pa mpanda. Anthu ayamba kutiseka, akuti kwa a Moffat anagula khola la nkhuku la matayala anayi, ndipo sakunama, thadzi lathu laikira mazira pansi pake. Lachiwiri madala anapita ku chipatala kukaonetsa bondo. Anapita pa njinga, achemwali, kupalasa ndi bondo lomwelo, galimoto ili phee m'chisakasa. Ine manyazi anandigwira.

Ndinakafunsa a Pilato, makanika wa pa Nkando. Akuti magalimoto a tabo ali mbwee m'tauni ndipo onse akumwa petulo yemweyu wa pa pampu, palibe imene inafa. Ndinawauza madala. Anangoti, "A Pilato ndi amene anatumiza galimotoyi?" Basi nkhani n'kuthera pomwepo.

Ine laisensi ndili nayo. Alendo okwera phiri amatsika minibasi n'kumasowa chowafikitsa ku Likhubula. Galimoto imeneyi ikanatidyetsa tonse, inunso mukanapumako. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma wathu tikungomuyang'ana mphepo ikumuuluza.

Auzeni inu. Mfundo ya 95 munaimanga ndinu, ndinu nokha mungaimasule. Ine ndikalankhula amachotsa maso pakamwa panga, ndiye mukudziwa, akapanda kuyang'ana milomo samva chilichonse. Amachitira dala.

Madalo mumupatse moni.

Mlongo wanu,
Brave


Rosettenville
9 Juni 2024

Okondedwa Ababa,

Ndamva za bondo. Ndamvanso kuti munapita nalo ku chipatala pa njinga, ndipo tsiku lonselo ntchito sinagwirike, ndinaswa kapu ya madamu.

Ndine ndinalakwa, ndinakuopsezani ndi nambala. Loweruka ndinapita kwa makanika amene wakhala akuikonza galimotoyo chiigulireni mabwana anga. Wandiuza kuti 95 ndiye wabwino koposa, inde, chifukwa injini ya tabo imatentha kwambiri ndipo petulo wofooka amatha kuyaka nthawi yake isanakwane, injini n'kumagogoda. Koma akuti galimotoyo ili ndi kompyuta yake imene imamva kugogodako n'kudzikonza yokha. Mukathira wa pa pampu iyenda bwinobwino, kungoti pa chitunda izikoka mofooka pang'ono. Chimene waletsa ndi petulo wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu, chifukwa ena amasakaniza ndi parafini. Brave amve zimenezo, ndikumudziwa.

Wanenanso china. Akuti petulo akakhalitsa m'thanki amasasa, mphamvu zake zimatha. Ndiye 95 amene mukumusungayo, pofika chaka adzakhala woipa kuposa wa pa Nkando.

Thirani mafuta, Ababa. Pitani ku tchalitchi pa galimoto, a Lenard aone.

Kapena pali china chimene simukundiuza? Nthawi zina ndimaganiza kuti mtima wanu sunapole pa za maliro a Amayi, ndiye mphatso yangayi mwailandira ndi manja okha. Ndikudziwa kuti pepani sapoletsa chilonda. Koma ngati ndi zimenezo, ndiuzeni poyera, ndilire kamodzi.

Kuno kwazizira. Ndikukumbuka chiperoni cha kwathu ndi chinangwa chootcha cha Amayi.

Mwana wanu,
Millie


Kwa Nakoma
21 Julayi 2024

Mwana wanga Millie,

Kalata yako ndaiwerenga katatu, kawiri ndi magalasi, kamodzi popanda.

Za mayi ako, chotsa mumtima. Iwo eni ake ali pa bedi la chipatala anati, "Millie asabwere, ataya ntchito." Ndinakwiya nawo iwowo, osati iwe. Anali ouma mutu ngati mwana wawo.

Makanika wakoyo ndamumva. Ayenera kuti ndi munthu wophunzira. Koma kompyuta imene imamva kugogoda ndaichitira nsanje, ine bambo wake wa galimoto sindimva ngakhale munthu akugogoda pa chitseko. Tiyeni tione kaye. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mawu amodzi okha ndi amene andikhala pamtima, akuti mafuta akakhalitsa malo amodzi amasasa. Ukamufunse, nanga munthu?

Nandolo wachita bwino chaka chino. Mpeyala wagwetsa zipatso ziwiri pa denga la chisakasa, mwamwayi sizinaboole. Chiperoni chatikuta sabata yonse, phiri silikuoneka. Masiku otere ndimakhala m'galimoto, mumafunda bwino, ndipo ndikatseka magalasi muli kafungo kena kamene si ka kuno. Sindidziwa ngati ndi sopo wako kapena wa madamu ako. Ndimati ndi wako.

Kamuvi katsikako, kali pakati pa theka ndi pansi.

Bambo ako,
Moffat


Kwa Nakoma
20 Okutobala 2024

Achemwali,

Ndikulemba kuti mumve kwa ine musanamve kwa wina.

Madala anapita ku Limbuli ku maliro a msuweni wawo, anati akagona konko. Ine ndinatenga makiyi. Panali alendo atatu pa Nkando ofuna ku Likhubula, ndinawatenga. Achemwali, galimoto imeneyi ndi nyama ina. Ukangoponda pang'ono imakukankha kumsana. Ndinapita ndi kubwerako, palibe chinavuta.

Ndinadziwa kuti kamuvi kandiulula. Mafuta akusowa dziko lonse, magalimoto akugona pa mizere, komabe ndinayesetsa mpaka ndinapeza malita asanu a pa pampu, osati a m'zigubu za ku boda, ndinamva zimene munanena. M'mawa mwake ndangotsegula thanki, chigubu chili m'manja, madala ndi awa pa chipata. Anathamanga. Ndi bondo lija anathamanga, n'kundilanda chigubu, theka la mafuta n'kutayikira pansi.

Ndinkayembekeza ndodo kapena mawu. Ayi. Analowa m'galimoto, n'kupotokola kiyi, n'kuyang'ana geji nthawi yaitali. Potuluka anangoti, "Wamwa mafuta a mlongo wako." Maso ali ofiira. Kuyambira tsiku limenelo makiyi amagona nawo m'thumba la jekete.

Ine ndikuopa, achemwali. Ndikuganiza kuti mutu wayamba kusokonekera. Munthu wabwinobwino angalirire petulo? Kale ankailiza Lamulungu lokha, tsopano pafupifupi tsiku lililonse, amakhala m'menemo dzanja lili pa chiwongolero, osapita kulikonse. Kudya akudya pang'ono. Thalauza ayamba kumanga ndi chingwe chifukwa lamba watha mabowo.

Ngati ndalakwa, ndalakwa. Koma wina anene chochita, ine zandikulira.

Brave


Rosettenville
10 Novembala 2024

Ababa,

Brave wandilembera zonse. Musamukalipire chifukwa chondiuza.

Ndatopa, Ababa. Galimoto imeneyo ndinaigwadira. Ndakolopa nyumba ya eni ake mpaka maondo kuda, ndalera ana a eni ake mpaka ayamba kunditcha mayi, ndipo chimene chinkandilimbitsa mtima n'chakuti tsiku lina bambo anga adzatsika pa tchalitchi atatseka chitseko cha galimoto yawo. Ndikakhala mu takisi ya kuno ndimatseka maso n'kumakuonani mukudutsa pakati pa minda ya tiyi, chigongono chili pa windo. Tsopano ndikumva kuti mukuonda, mwakhala mlonda wa chitsulo, ndipo mukulirira malita a petulo.

Ndakufotokozerani zonse za 95. Makanika wanena, a Pilato anena. Mukufunanso ndani, bishopu?

Ngati simukuifuna, mpatseni Brave aziyendetsa. Ngati imakupatsani manyazi, igulitseni. Ine sindidzafunsanso za kamuvi, ndipo musandilemberenso za iko.

Mvula yoyamba yagwa kuno dzulo. Ndinatuluka panja kuti ndimve fungo la dothi, koma kuno mvula imanunkha phula. Ndinalira ngati mwana. Musaganize kuti ndinu nokha amene mukusowa munthu.

Idyani, chonde.

Millie


Kwa Nakoma
19 Januwale 2025

Mwana wanga Millie,

Kalata yako ya Novembala yandipeza chaka chino. A Bizwick anatsekeredwa m'njira ndi zipolowe za ku Mozambiki, kenako anasowa dizilo. Ndiye miyezi iwiri yonseyi iwe unali wokwiya, ine osadziwa, ndinkangokupempherera ngati munthu wosalakwa.

Wandiletsa kulemba za kamuvi. Ndilola kukulakwira kamodzi kenanso.

Mutu wanga uli bwino, Brave asakuopseze. Za 95 ndinamva kalekale. Ndayendetsa injini moyo wanga wonse, ndikudziwa kuti galimotoyi ingamwe petulo wa pa Nkando n'kuyenda. Pa masiku oyamba okha ndi pamene ndinkaopadi nambala ija. Kenako ndinaipeza kuti ndi pobisalira pabwino.

Mwana wanga, chichokere iwe watitumizira zinthu zambiri. Malata, mabulangete, foni, mankhwala a mayi ako. Zonsezo zinadutsa m'masitolo ndi m'manja mwa anthu. Koma mafuta ali m'thankimo unathira ndiwe, ndi dzanja lako, chithunzi chikuchitira umboni. Ndikailiza galimoto n'kuika dzanja pa chiwongolero, chimene chimanjenjemeracho ndimati ndi Millie. Mawu ako pa foni sindiwamva. Awa ndimawamva. Ndikanathiramo ena, sindikanadziwanso kuti ako ndi ati.

Ndinalinso ndi nzeru ina yopusa. Ndinkati ulendo woyamba wa galimotoyi ndi ine pa chiwongolero udzakhala wokakutenga iwe pa Nkando, pa mafuta ako omwewo. Ndiye ndinkawasunga, koma ndinkawamwanso pang'onopang'ono chifukwa chokusowa. Ndi mmene amachitira munthu wa njala ndi mbewu.

Sindinakuuze chifukwa ndikudziwa mtengo wake. Ukabwera, ntchito yatha, ndipo chipata cha kumeneko chitsekeka. Mayi ako anakana kukupempha zimenezo. Ine ndinalonjeza mumtima kuti nanenso sindidzakupempha, ndipo sindikukupempha. Ndangoyankha funso lako, unati ndikuuze poyera. Galimoto ndaikonda. Koma ine ndinkafuna amene anaitumiza.

Lachinayi lapitali kanyali kachikasu kayaka pa geji. A Pilato akuti kakayaka ndiye kuti atsala ongokwanira kufika pa filingi. Sindiilizanso. Batire Brave waichotsa, ili m'nyumba.

Ukanena kuti ndimpatse Brave, ndimpatsa, athiremo zimene akufuna. Ndadya lero, nandolo ndi mpunga. Usadandaule.

Bambo ako,
Moffat


Rosettenville
2 Febuluwale 2025

Ababa,

Musampatse Brave makiyi. Muuzeni akatchajitse batire.

Ndikwera basi Lachinayi pa 20. Ndikagona ku Blantyre, Loweruka m'mawa ndidzatsika minibasi pa Nkando. Ndili ndi zikwama ziwiri, ndiye musabwere pa njinga.

Musandiyankhe kuti ndisabwere. Madamu ndawauza kale.

Millie


Kwa Nakoma, Nkando
2 Malichi 2025

Wokondedwa Madalo,

Ndafika, msuweni. Pepa kuti pa foni ndinangoti "ndafika" n'kudula. A Bizwick anyamuka mawa, ndiye ndati ndikulembere bwinobwino.

Pa boda anandidinda monga tinkadziwira. Zaka zisanu. Wa pa kauntala sanandiyang'ane n'komwe, anangomenya chidindo n'kuitana wina. Ndinakhala m'basi pasipoti ili pamiyendo mpaka ku Tete, ndikuwerenga tsiku la pa chidindocho mobwerezabwereza ngati lisintha. Sindikunamiza, ndinachita mantha. Mpaka pano sindikudziwa kuti ndidzadya chiyani chaka chamawa.

Pa Nkando ndinatsika cha m'ma teni. Ndinayang'ana pa siteji, palibe galimoto. Ndinatsitsa zikwama pansi. Kenako mayi wina wogulitsa nanazi anandigwira dzanja, akuti, "Ndinu mwana wa a Moffat? Bambo anu ali uko, atitsekera msewu kuyambira m'mawa."

Galimoto inawathera mafuta pa mphambano, pamene msewu wafumbi wa kwathu umakumana ndi tala. Filingi ikuoneka apo, ndipo tsiku limenelo mafuta analipo. Anyamata a kabaza anadzipereka kuti aikankhe, iwo anakana. Brave anabwera ndi chigubu, anakana. A ngolo ndi a njinga ankachita kulambalala m'matope akutukwana, iwo ali chiimire pambali pa chitseko, jekete ya ukwati ija ili pathupi, ikulendewera ngati yobwereka. Madalo, bambo anga achepa. M'makalata sizioneka.

Sanandione msanga. Ndinawaitana, koma ukudziwa makutu aja. Ndinachita kufika n'kuwagwira pamkono. Anandiyang'ana pamphumi, osati m'maso, n'kunena kuti, "Wachedwa, mafuta ako atha." Ndinati ndiseke, koma zimene zinatuluka si kuseka. Tinaima pamenepo anthu a pamsika akutiyang'ana, ine osasamala.

Kenako analola kuti tiikankhe. Iwo pa chiwongolero, ine ndi Brave ndi anyamata a kabaza kumbuyo, nsapato zanga za ku Joni zija zinathera pomwepo. Anthu a pa mzere anatipatsa mpata okha, nkhani yawo inali itafika kale. Mtsikana wa pa pampu atanyamula paipi, Ababa anatulutsa dzanja pa windo n'kumuletsa. Akuti, "Mpatseni mwana wanga, athire ndiye."

Mtsikanayo anawazindikira. Anandipatsa paipi akumwetulira, n'kuwafunsa kuti, "Agogo, 95 uja munamupeza?" Sanamve. Ndinawerama pa windo n'kuwabwerezera mokweza, anthu onse akumva. Anagwedeza mutu.

"Ndamupeza," anatero. "Watsika minibasi ya ku Limbe."

Ndinathira petulo wamba wa pa Nkando. Galimoto inatsokomola kawiri, kachitatu inalira. Sitinapite kunyumba. Anayendetsa pang'onopang'ono, chigongono pa windo, mpaka kumanda, ndipo ndinawaona Amayi.

Makiyi ampatsa Brave Lolemba, wayamba kale maulendo a ku Likhubula. Akuti pa chitunda ikukoka bwinobwino. Ababa sanakweremonso, akuti bondo limafuna kuyenda pansi. Madzulo amakhala pakhonde n'kumandiyang'ana milomo ndikamalankhula, ngakhale ndikungonena za nkhuku.

Matilesi anga utenge iwe, ketulo umpatse mayi wa chipinda cha kumbuyo uja. Ana a madamu ukawaona uwauze kuti sindinawathawe.

Undilembere. Tsopano wodikira makalata ndine.

Msuweni wako,
Millie